Injini yoima inamwa dizilo usiku wonse ku Chegutu

Sabata ino ndinali pa njanji ya ku Zimbabwe yochokera ku Lochinvar mu Harare mpaka ku Dabuka pafupi ndi Gweru, monga mwa nthawi zonse. Lolemba ndi Lachiwiri palibe chonena: kukoka mabogi, kugona ku Gweru, kubwerera. Chandilembetsa ndi Lachitatu.

Tinanyamuka kutada, mabogi odzaza, ndi mutu wa sitima woyendera dizilo umene batire lake ndinali nditalidandaula kale katatu m'buku. Titafika ku Chegutu anatipatutsa kuti tidikire sitima yochokera kutsogolo, yomwe nayo inali itafera m'njira. Maola 9 tili pompo. Anzanga mukudziwa, mutu wa batire lotere ukauzimitsa sudzukanso. Ndiye injini inangolira usiku wonse, ikumwa dizilo, sitima osasuntha ngakhale phazi.

Pakati pa usiku mnyamata amene ndimayenda naye analoza polo ina yotsala, yopanda waya. "Madala, kodi izi zinali za chiyani?" Mwana wobadwira ku Rugare, dera la ogwira ntchito za njanji mu Harare, agogo ake anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji yomweyi, koma sanaonepo sitima ya magetsi ikuyenda. Zinandipweteka.

Ndinamuuza kuti mu 1983 njanji iyi, makilomita pafupifupi 300 kuchoka ku Harare kukafika ku Dabuka, inaikidwa mawaya a mavoti 25,000, ndipo kunabwera mitu 30 ya magetsi ya mtundu wa EL1. Mutu wotero ukaima, ndalama nayonso imakhala ngati yaima. Ulibe thanki, ulibe oyilo wa injini woti uzisintha, ulibe zosefera dizilo, suwiritsa madzi pachitunda. Wathu wa dizilowu nawonso mawilo ake amazungulira ndi magetsi, koma umasenza jenereta yakeyake pamsana, ndipo jeneretayo imadya mafuta ogula ndi madola a ku America, odzera m'paipi kuchokera ku Beira. Wa waya unkadya magetsi a ku Kariba ndi ku Hwange.

Sindinamunamize kuti magetsi ndi aulere, ayi. Ndalama yake imabisala m'mawaya, m'mathiransifoma ndi mwa alonda, ndipo imabwerera pokhapokha sitima zikamadutsa zambiri. Komanso madzi akachepa ku Kariba, tonse timadziwa mdima wake. Koma mawayawo anali atakhala kale m'mwamba, olipiridwa. Akuba mkuwa anayamba kudula pang'onopang'ono, kukonza kunkachedwa, mpaka zonse zinatha.

Sitima ija inadutsa dzuwa litatuluka. Tinafika ku Dabuka thanki ili pafupi kuuma.

Lachinayi ndinagona. Lachisanu anandiitana ku ofesi kuti ndifotokoze chifukwa chimene ulendo umodzi wadyera dizilo wochuluka chonchi. Ndinatsegula buku, n'kuwaonetsa masamba atatu a batire aja. "Bwana, werengani apa." Anayang'ana, n'kunena kuti batire latsopano likudikira ndalama, koma lipoti la dizilo akulifuna Lolemba m'mawa. Mutu uja auikanso pa ulendo wa mawa.