Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Simcoe, hops amene anagawa pakhomo pathu

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka mayi aja a ku Chinamwali amene anandikumbutsa kuti ndinalonjeza kufotokoza mowa umene unatidanitsa ndi alamu. Ambiri mwafunsa miyeso yake yeniyeni, ndiye lero za banja zichepa, tikambe za mumphika.

Mukukumbukira kuti nditabwerera kuno ku Zomba zaka zinangodutsa ndikufulula mowa wopepuka, woti aliyense amwe osadandaula. Zinthu zinasintha achimwene a ku Johannesburg aja atatumiza paketi ya hops otchedwa Simcoe. Hops ndi maluwa a chomera choyanga amene amapatsa mowa wa m'botolo kuwawa ndi fungo, zimene masese athu alibe. Simcoe amalimidwa ku America, makamaka kuchigwa cha Yakima, ndipo anafika pamsika mu 2000. Amene munafunsa zodzala kuseri kwa nyumba, iwalani. Eni ake sagulitsa mbewu, komanso hops amafuna masiku a usana wautali umene kuno tilibe. N'chifukwa chake ngakhale ku South Africa amalimidwa kumwera kwenikweni, ku George.

Vuto la Simcoe lili pamphuno. Wina akanunkhiza amamva paini wongocheka kumene, monga mukamakwera msewu wa ku Ku Chawe, ndi magalagadeya akupsa. Mnzake pa kapu yomweyo amamva mkodzo wa mphaka. Palibe akunama. Mu hops amenewa muli kanthu ka sulfure kotchedwa 4MMP, kamene mphuno imakagwira ngakhale katachepetsetsa. Kakakhala pang'ono kamamveka ngati chipatso, kakachuluka kamatembenukira kwa mphaka, ndipo malire ake amasiyana munthu ndi munthu.

Alamu sanamve paini kapena mphaka. Ananunkhiza, n'kuika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kunena pamaso pa alendo onse kuti ndathiramo chamba. Pakhonde panangoti zii. Apongozi anadzuka n'kulowa m'nyumba, nsima ili m'mbale. Sabata lisanathe mawu aja anali atafika kumpingo, ndipo amene anasenza manyazi ndi mayi a kunyumba, amene anzawo anasiya kuwapatsa moni wa pamanja kwa miyezi. Zimenezo zimandiwawabe kuposa mawu a alamuwo. Alamu, ndikudziwa mumawerenga, ndiye imvani: n'zoona kuti hops ndi chamba ndi zomera za banja limodzi, fungo limayandikana ndithu, koma mu hops mulibe chimene chimazunguza mutu m'chamba. Mukanandifunsa kumbali ndikanakuonetsani paketi.

Tsopano mowawo. Miyeso iyi ndi ya malita 20.

Chimera cha balere, chimene pathumba amalemba pale malt, makilogalamu 5, mtundu umodzi basi kuti hops amveke okha. Chikhale chongophwanya, makoko akuonekabe. Musapite nacho kuchigayo cha chimanga, chifukwa chikasanduka ufa chimamata nsalu yosefera ndipo madzi amakana kutuluka.

Madzi malita 28. A pampopi kuno amachokera kudamu la Mulunguzi ndipo ndi ofewa bwino, koma muli klorini. Tungani madzulo, agone m'ndowa yosavundikira, kapena sungunulanimo theka la piritsi lochotsa klorini lotchedwa Campden. Mukapanda kutero mowa umanunkha mankhwala a kuchipatala, ndipo anthu amanamizira hops. Popeza madziwo ndi ofewa, ndimathiramo magalamu 5 a gypsum, ufa woyera wolimbitsa madzi, kuti kuwawa kukhale kwakuthwa, osati kozizira.

Tenthetsani madzi afike madigiri 70, yalani thumba la nsalu yopyapyala ya makatani mumphika, thirani chimera mukuvundula mpaka zibuluma zithe. Kutentha kutsikira cha pa 66. Phulani, vundikirani, fundikani bulangete, musiye ola limodzi. Apa thermometer njofunika, chala sichithandiza. Kukapitirira 70 mowa umatuluka wotsekemera ndi wolemera, kukatsika pansi pa 63 umakhala wamadzimadzi ndipo Simcoe amakanda pakhosi. Ola likatha tukulani thumba, lidonthe, mulifinye.

Madzi otsekemerawo awire ola limodzi mphika uli wosavundikira. M'tauni muno madzi amawira cha pa madigiri 97 chifukwa tili pamtunda, choncho moto ukhale waukali. Wa pambaula umafuna makala okonzeratu, ukafooka pakati mwaononga.

Pothira hops m'pamene pagona nkhani yonse. Simcoe ndi waukali, asidi wake wowawitsa amakhala pakati pa 12 ndi 14 peresenti, ndiye kumayambiriro safuna wambiri. Akangoyamba kuwira thirani magalamu 15. Kutatsala mphindi 10 thirani 25. Mukaphula, dikirani kutentha kutsike pa 80, thirani 40, vundulani, musiye mphindi 20. Magalamu 50 otsala sungani, alowa pambuyo. Hops wowira nthawi yaitali amasiya kuwawa koma fungo limathawa ndi nthunzi. Wothira mochedwa amasunga fungo, ndipo mphaka uja amabwera nalo limodzi. Ndiye ngati akwanu ali ndi mphuno yomva mphaka, chepetsani ndi theka magalamu 50 omalizawo, osati oyambirira aja. Chinanso, kopa (mkuwa) amagwira tinthu ta sulfure, choncho paipi ya kopa yopindapinda yoziziritsira imachepetsako fungolo. Amene mumafuna Simcoe wathunthu, ziziritsani poimika mphika m'bafa la madzi ozizira.

Madzi akazizira kufika pa 20, kuyambira apa chilichonse chokhudza mowa chikhale chotsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo: chigubu, paipi, supuni, ngakhale lumo lodulira paketi. Thirani madziwo m'chigubu. Hydrometer, chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga m'madzimo, iwerenge cha pa 1.052. Wazani paketi imodzi ya yisiti ya US-05, ya magalamu 11.5. Yisiti ya mandasi ayi, imabweretsa fungo lake limene limalimbana ndi hops. Tsekani chigubu, mpweya uzitulukira pa kapaipi koloza m'botolo la madzi.

Yisiti imeneyi imafuna madigiri 18 mpaka 20. Mu Juni ndi Julayi Zomba amakupatsani zimenezo ulere, ingoikani chigubu pasimenti kuchipinda chosafika dzuwa. Mu Okutobala ndi nkhondo. Imikani chigubu m'beseni la madzi, chikulungeni chitenje chimene nsonga zake zikumira m'madzimo, muziponyamo mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo, makamaka masiku atatu oyamba pamene mowa umadzitenthetsa wokha. Ukawira motentha umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, ndipo mutu wake wa m'mawa simuuiwala.

Thovu likagwa, patatha pafupifupi sabata, tsegulani mwachangu, ponyani magalamu 50 aja, tsekani. Masiku atatu akwana. Akakhalitsa mowa umayamba kumveka udzu. Musavundule, mpweya ukalowa pano fungo limafa ndipo mtundu umada.

Apa pali msampha umene ambiri sauona. Hops wothira wosawira amakhala ndi mphamvu yophwanya shuga amene yisiti inamulephera, ndiye mowa wooneka ngati watha umayambanso kuwira mwakachetechete. Mukafulumira kuthira m'mabotolo amaphulika. Yezani ndi hydrometer, ndipo pokhapokha ikaima pamalo amodzi, cha pa 1.010, masiku atatu otsatizana, m'pamene muthire. Mowa wake umakhala wa mphamvu pafupifupi 5.5 peresenti. Wiritsani magalamu 120 a shuga m'madzi pang'ono, sakanizani mofatsa, dzazani mabotolo, khomani zitsekerero, adikire masabata awiri. Mabotolo akhale akuda. M'botolo loyera kapena lobiriwira kuwala kumasandutsa hops kukhala fungo la kanyimbi m'kanthawi kochepa, ndipo limenelo si la Simcoe, hops aliyense amatero. Imwani miyezi iwiri isanathe, mowa uwu sukoma ndi kukalamba.

Paketi ikafika pa basi, itayenda masiku pamalo otentha, inunkhizeni musanayatse moto. Timibulu tikhale tobiriwira. Tikakhala tofiirira n'kumanunkha sokosi, tayani, palibe muyeso ungatiwombole. Wotsala mufinye mpweya, mumange, asungidwe mufiriza, ndipo magetsi akazima musamatsegule.

Bambo aja a ku Matawale analemba kuti ndingosakanizako Cascade, mtundu wina wa hops, kuti mkangano uthe. Ndikumva, bambo, ndipo mowa wake umakomadi. Koma mukasakaniza simudziwa kuti fungo ili lachokera kwa uti, ndiye ulendo wina simudziwa choti muchepetse. Ine ndimafulula zigubu ziwiri za malita 10, china cha magalamu 25 omaliza, china cha 12, ndipo mlendo ndimayamba ndamununkhiritsa paketi kuti ndidziwe botolo lomutsegulira.

Gawo lotsatira ndi la matenda a mayi ndi chaka chimene mphika unakhala chovundikira. Mundipirire, silituluka msanga.