Zikomo a mpingo, mpukutu wa Torah wabwerera mu aron

Kwa a mpingo wathu nonse, kwa anansi a ku sunagoge amene munatibwereka mpukutu, ndi kwa aliyense amene anatigwira mkono: mpukutu wathu wakale wa Torah, mabuku asanu a Mose olembedwa pamanja pachikopa, uja makolo anabwera nawo kuno ku Johannesburg kuchokera ku Lithuania, wabwerako kwa mlembi amene ankaukonza, walowanso mu aron, kabati yopatulika yosungiramo mipukutu, ndipo Sabata lapitali tinauwerenganso. Ife, rabi ndi agabbai anu, oyendetsa mapemphero a m'sunagoge, tikuthokoza. Titchula ntchito imene aliyense anagwira, chifukwa zambiri zinachitikira kuseri, ndipo ambiri mwa inu munangoona tsiku lovina lija.

Zikomo koyamba kwa owerenga athu, a baal koreh. Mumpukutu mulibe timadontho ta mavawelo kapena zizindikiro za kayimbidwe, choncho wowerenga amaloweza gawo lonse asanakwere pa bimah, nsanja yowerengerapo. Munthu wotero akakumana ndi chilembo chong'aluka, pakamwa pake pamatha kupitirira pokha, ndipo palibe angadziwe. Inu munaima pakati pa buku la Numeri n'kuitana rabi. Mu Torah muli zilembo 304,805. Chimodzi chikasowa, chikawonjezeka, chikaduka pakati, kapena chikakhudzana ndi chinzake, mpukutu wonse umakhala pasul, wosaloledwa kuwerengedwa pagulu kufikira utakonzedwa. Agabbai anaukulunga, anatulutsa mpukutu wachiwiri, kuwerenga n'kupitirira pamalo omwewo. Kenako anamanga lamba wake kunja kwa chovala, osati mkati monga mwa masiku onse, kuti aliyense wotsegula aron aone kuti uwu sutulutsidwa. Ena mwa inu munadandaula kuti mapemphero anachedwa tsikulo. Tinakumvani, koma owerenga athu anachita zoyenera, ndipo tikufuna owerenga achinyamata adziwe kuti kuima n'kololedwa ndiponso n'kofunika.

Zikomo kwa makolo amene munatibwereka mwana wanu. Pali zilembo zina zimene rabi sangagamule yekha. Vav ikaduka mwendo imaoneka ngati yud, ndipo dalet yotha ngodya imafanana ndi resh. Chikakhala chokayikitsa, lamulo limati aitanidwe mwana wodziwa zilembo koma wosadziwa kumva mawu a vesilo, kuti asalote poganizira tanthauzo. Amaphimba mawu oyandikana, n'kumufunsa kuti chilembo ichi n'chiyani. Akachitchula molondola, chili bwino. Mwana wanu anati yud pomwe panayenera kukhala vav, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mumuuze kuti sanalakwe mayeso. Ananena zimene maso ake anaona, ndipo n'zimene tinamuitanira.

Gwero la vutoli linapezeka ndi bambo osamalira nyumba ya sunagoge. Iwo ndi amene anamva fungo la nkhungu kuseri kwa aron, napeza kuti madzi a mvula ankalowera kudenga n'kutsika m'kati mwa khoma. Kuno aron imakhala kukhoma la kumpoto, poti Yerusalemu ali kumpoto kwathu, ndipo khoma lomwelo ndi limene limaombedwa ndi dzuwa m'nyengo yozizira, pamene mpweya wa kuno umauma kwambiri. Chikopa chikamwa chinyezi chimafufuma, chikauma chimakhwinyata. Inki ya mlembi silowa m'chikopa monga imachitira papepala. Imakhala pamwamba, ndiye chikopa chikamafufuma ndi kukhwinyata chaka ndi chaka, inkiyo imang'aluka kenako n'kumasuwa. Bambo, tikukuthokozani pa zimene munachita komanso pa zimene simunachite. Simunayatse hitala, simunatulutse mipukutu padzuwa, simunapukute ndi nsalu. Kutentha kwadzidzidzi kumapinda chikopa n'kuchiumitsa gwa, ndipo nsalu imachoka ndi zilembo. Munaimbira agabbai, amene anatambasula mpukutu pamatebulo m'chipinda cha mthunzi chopita mphepo, kuti uume pawokha.

Tsopano kwa mlembi, a sofer, amene anasenza ntchito yaikulu. Lamulo limati mpukutu ukapezeka ndi zolakwika zitatu usangokonzedwa pamalo atatuwo, koma uunikidwe wonse, ndipo sitiyenera kuusunga wosakonza kupitirira masiku 30. Mpukutu wa masiku ano nthawi zambiri umakhala ndi madanga (makolamu a zolemba) 245, lililonse la mizere 42, pazidutswa za chikopa zoposa 60 zosokedwa pamodzi. A sofer anauwerenga wonse chilembo ndi chilembo, pambali ali ndi tikkun, buku lokopera, chifukwa mlembi saloledwa kulemba za pamtima ngakhale atakhala woloweza Torah yonse. Atatha iwo, madanga onse anajambulidwa n'kuunikidwa pakompyuta. Kompyuta imagwira bwino chilembo chosowa kapena chowonjezeka, koma ming'alu yopyapyala ngati tsitsi imafuna diso la munthu ndi galasi lokuza, n'chifukwa chake pamafunika zonse ziwiri.

Kukonzako kuli ndi malamulo ake, ndipo ndi pano pomwe munthu wofulumira amaononga. Chilembo chofwifwa koma chathunthu amachidutsanso ndi inki. Zilembo ziwiri zokhudzana, zonse zikuoneka bwino, amazilekanitsa pokanda ndi lumo, poti chilembo chilichonse chiyenera kuzunguliridwa ndi chikopa choyera mbali zonse. Koma dontho la inki likagwera m'chilembo n'kuchisandutsa china, kungokanda dontholo sikokwanira. Chilembo chiyenera kubadwa polemba, osati posema, ndiye amachifufuta n'kuchilembanso. Mwayi wa Torah ndi woti ingakonzedwe pena paliponse. Tefillin, timabokosi ta mavesi tomanga pamkono ndi pamutu popemphera, ndi mezuzah, kampukutu ka pamphuthu ya chitseko, ziyenera kulembedwa motsatana, ndipo kubwerera m'mbuyo kukalemba chilembo chosowa sikuloledwa. Chovuta kwambiri ndi Dzina la Mulungu, limene silifufutidwa konse. Asanalilembe mlembi amanena ndi pakamwa kuti akulemba pofuna kupatula Dzinalo, ndipo akayamba salankhula ndi munthu mpaka atamaliza. Amene munapeza chitseko cha a sofer chotseka, foni yosayankhidwa, dziwani kuti chifukwa chake chinali chimenechi.

Zipangizo zawo n'zomwe zija zakale: nthenga ya nkhukutembo kapena tsekwe yosongola ndi mpeni, ndi inki yakuda yopangidwa ndi timatuza ta pa mitengo ya thundu, utomoni wa mthethe, mchere wachitsulo ndi madzi. Utomoni ndi umene umamatiriza inki kuchikopa. Ukachuluka, zilembo zimanyezimira koma zimathetheka msanga, ndipo ukachepa, zimafufutika ndi chala. Mipukutu ina yakale inkapakidwanso laimu kumsana kuti iwoneke yoyera. Wathu ndi umodzi mwa imeneyo, n'chifukwa chake umalemera chonchija, ndipo fumbi la laimulo limagwera pazilembo ukamakulungidwa. A sofer analichotsa danga ndi danga ndi burashi yofewa asanayike inki, poti inki yoyikidwa pafumbi imasuwa pakangopita nthawi yochepa.

Zidutswa zina sizinapulumuke. Chikopa chikang'ambika kulowa m'mizere iwiri ya zolemba chimasokedwa, koma mng'alu ukafika mizere itatu, makamaka pachikopa chakale, chidutswacho chimachotsedwa. Momwemonso pamene madzi anaononga Dzina. A sofer analemba zidutswa zatsopano pachikopa cha nyama yoyera, ndiye kuti yololedwa kudya mwa lamulo lathu, atalemberatu mizere ndi chitsulo chosongoka, motsanzira dzanja la mlembi wakale amene dzina lake silinalembedwe paliponse. Anatsata kalembedwe ka Beit Yosef kamene Ayuda a ku Lithuania ankagwiritsa ntchito, kukula kwa zilembo, timakorona titatutitatu pa shin, ayin, tet, nun, zayin, gimel ndi tsadi, komanso mipata ya ndime zotseguka ndi zotsekeka, imene ikasokonezeka mpukutu umakhalanso pasul. Anasoka ndi gid, ulusi wa mitsempha ya nyama yoyera, n'kusiya pang'ono posasoka kumwamba ndi kumunsi kwa msoko uliwonse. Mpata umenewo si ulesi. Mpukutu ukakokedwa mwamphamvu, msoko umayamba kutseguka m'mphepete, wokulungayo n'kuona n'kuleka chikopa chisanang'ambike. Zidutswa zakalezo sizitayidwa. Zikomo kwa a chevra kadisha, gulu lathu loyika maliro, amene munaziyika mumtsuko wadothi n'kuzikwirira kumanda mwaulemu wake.

Anansi athu a ku sunagoge winayo, mwatichotsa manyazi. Mpingo wa mpukutu umodzi umatha kuwerenga Lolemba, Lachinayi ndi pa Sabata wamba, koma pa zikondwerero pamafunika iwiri, ndipo pa Simchat Torah, tsiku limene timamaliza kuwerenga Torah n'kuyambanso, itatu. Popanda wachiwiri, anthu amakhala chete kudikira kuti mpukutu ukulungidwe kuchoka ku Levitiko kukafika ku Numeri, chinthu chimene malamulo athu amati n'kulemetsa mpingo. Munatibwereka wanu osafunsa kuti tibweza liti. Zikomonso kwa amene munaunyamula: munaukutira mu tallit, nsalu yofunda popemphera, munthu mmodzi n'kuufukata pampando wakumbuyo, osati kuuyika m'buti ngati katundu.

Pa za ndalama tilankhule mosabisa. Panali ena amene ankati tingogula mpukutu watsopano, wopepuka, ndipo mfundo yawo inali yomveka, poti okalamba athu amavutika kunyamula uwu. Tinasankha kukonza chifukwa mlembi anatsimikiza kuti mbali yaikulu ya chikopa ndi yolimba, ndiponso chifukwa anyamata a mibadwo ingapo ya mabanja a pano, pa bar mitzvah yawo, mwambo wolowera ukulu pa zaka 13, anawerengera mumpukutu umenewu. Amene maganizo anu sanatsatidwe koma munaperekabe, tikukuthokozani mwapadera. Zoterozo n'zimene zimasunga mpingo, ndipo sizichitika kawirikawiri. Lamulo lomaliza mwa malamulo 613, lochokera pa Deuteronomo 31:19, ndi loti Myuda aliyense adzilembere Torah, ndipo aphunzitsi athu anati wokonza chilembo chimodzi amawerengedwa ngati walemba wonse. Ena munalipirira gawo lathunthu, ena vesi, ena chilembo chimodzi, ambiri m'ziwerengero za 18 monga mwa mwambo. Mndandanda wa opereka taulemba motsata mayina, osaonetsa kuti wapereka zingati, ndipo ukhala choncho.

Amayi amene munasoka zovala ziwiri zatsopano, china cha masiku onse, china choyera cha masiku opatulika a Rosh Hashanah ndi Yom Kippur, zikomo. Munayika m'kati nsalu ya thonje yosatuluka utoto, poti nsalu yapulasitiki imasunga chinyezi. Kalipentala amene munakonza mitengo iwiri yokulungirapo, atzei chaim, munaona kuti mbale imodzi yakumunsi inali yomasuka ndipo inkadya m'mphepete mwa chikopa nthawi iliyonse tikakulunga. Palibe anakutumani kuyang'ana zimenezo. Tikuthokozanso anyamata anayi amene munagwira mitengo ya chuppah, denga lansalu lofunditsa pamwamba, pobweretsa mpukutu, ndi amene munatulutsa mipukutu inayo kuti ikaulandire pakhomo.

Denga lakonzedwa, aron tayisuntha pang'ono kuchoka pakhoma kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, ndipo mkati muli kachipangizo koyeza chinyezi. Chotsala chili m'manja mwa mpingo. Oitanidwa ku aliyah, kukanena madalitso pa mpukutu, musakhudze zolemba ndi chala, chifukwa mafuta a pakhungu amadya inki. Gwiritsani ntchito mphonje ya tallit, ndipo mukhudze pambali, osati pazilembo. Owerenga, yad, kandodo kolozera mawu, iziyenda m'mwamba mwa mzere osakhudza chikopa, poti msonga wa siliva umakanda zilembo zofooka. Onyamula pa hagbah, pokweza mpukutu kuti mpingo uone zolemba, tambasulani madanga atatu, kokerani mpukutu mpaka theka lake lipitirire m'mphepete mwa tebulo, pindani mawondo, kanikizani zogwirira pansi kuti tebulo likuthandizeni kuudzutsa, ndiye muimirire. Kumbukirani kuti tikamawerenga Genesis kulemera konse kumakhala kudzanja lamanzere, ndipo kumapeto kwa Deuteronomo kumakhala kumanja. Amene dzanja lina limawavuta auze agabbai mosachita manyazi, adzaitanidwa tikafika ku Levitiko pomwe mbali zonse zimalingana. Okulunga, yikani msoko pakati pa mitengo iwiri musanamange lamba, ndipo lambayo akhale wogwira koma wosafinya.

Mpukutu umene ukungokhala osatsegulidwa ndi umene umaonongeka mosadziwika, chifukwa zidutswa zimamatana ndipo nkhungu imamera pomwe diso silifika. Choncho tiziwerenga mipukutu yathu mosinthanasinthana, ndipo kawiri pachaka, isanafike Pesach ndiponso m'mwezi wa Elul, uliwonse uzitambasulidwa kuyambira ku Genesis mpaka kumapeto. Ntchitoyi imafuna anthu anayi: awiri ogwira mitengo, mmodzi woongola chikopa kuti chisakhotere mbali imodzi, ndi mmodzi wodziwa zilembo woyang'ana ming'alu ndi misoko yomasuka. Amene mungathe kubwera Lamlungu m'mawa, mapemphero a Shacharit akatha, lembetsani mayina anu kwa agabbai.