Zala zikamauma m'mawa uliwonse, musadikire kuti zipindike

Nyamakazi ilipo yamitundumitundu. Ina imabwera ndi ukalamba, mawondo akatha ndi ntchito. Imene ndikunena pano madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, ndipo imayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonekera n'kumalimbana ndi kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mkati mwa mfundo zolumikiza mafupa. Imagwira amayi kawiri kapena katatu kuposa abambo, makamaka azaka 30 mpaka 60. Kusuta fodya kumaonjezera ngozi.

Imadziwika m'mawa. Munthu amadzuka zala zili gwa, kulephera kufinya chitenje, kumanga batani ngakhale kugwira mthiko, ndipo kuumako kumatha mphindi 30, ola, mwinanso kuposa, mpaka manja atafunda. Mfundo za pakati pa zala ndi za m'tsinde mwake zimatupa, n'kumamveka zofewa ukazikhudza, kawirikawiri manja onse awiri mofanana. Kuphazi amamva ngati waponda timiyala. Yesani kufinya dzanja lonse pang'ono monga popatsana moni. Likapweteka, ndipo kutupako kwatha milungu 6, pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Changu chake n'chakuti kutupako kumadya fupa. Mabala a m'mafupa amatha kuoneka pa X-ray m'zaka ziwiri zoyamba, ndipo fupa lodyeka silimeranso. Mankhwala akayambika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ambiri manja awo amakhalabe owongoka. Zimandiwawa kuona kuti nthawi imeneyi ndi imene imathera pa mphini, kuthowa ndi madzi otentha ndi bufeni wa pagolosale. Bufeni, diclofenac ndi indosidi amapha ululu basi, fupa likudyekabe, ndipo akachuluka amaboola chifu ndi kuononga impso. Mankhwala a prednisolone amaphwetsa kutupa msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma ndi wongogwirizira milungu yoyamba. Womwa chaka chathunthu amatha kudzakumana ndi shuga, BP ndi mafupa osachedwa kuthyoka.

Mukafika kuchipatala, fotokozani molunjika: mfundo ziti, kuyambira liti, kuuma kumatha nthawi yotalika bwanji. Ngati kutupa kumabwera n'kupita, jambulani pafoni tsiku limene kwakula. Pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma lanu, kapena ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kaya Mzuzu. Magazi amayezedwa ESR kapena CRP poona kutupa, komanso rheumatoid factor ndi anti-CCP poona zizindikiro za matendawa. Koma dziwani kuti ena ali ndi matendawa magazi awo osaonetsa kanthu, choncho dokotala ayenera kugwira mfundozo ndi manja ake, osangowerenga pepala.

Mankhwala oyamba ndi methotrexate. Amamwedwa KAMODZI PA SABATA, osati tsiku lililonse. Anthu afapo chifukwa chosokoneza pamenepa. Mapiritsi ake ambiri ndi a 2.5 mg, amayamba ndi 7.5 mpaka 15 mg, n'kumakweza osapitirira 25 mg, ndipo vitamini wa folic acid amamwedwa tsiku losiyana ndi la methotrexate. Sankhani tsiku, mulilembe pachikuto cha buku lanu la kuchipatala. Mphamvu yake imamveka pakatha milungu 6 mpaka 12, ndiye musawasiye poganiza kuti sakugwira. Akaperewera, dokotala amaonjezera hydroxychloroquine kapena sulfasalazine.

Asanakuyambitseni methotrexate, dokotala ayeze chiwindi, impso, kuchuluka kwa magazi, HIV, hepatitis B ndi chifuwa chachikulu, ndipo magaziwo azibwerezedwa pafupipafupi poyamba, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Methotrexate amavulaza mwana m'mimba, choncho mayi wofuna pakati anene asanayambe. Aliyense womwa mankhwalawa mowa ausiye. Chinanso chofunika kwambiri kwathu kuno: amene amamwa Bactrim limodzi ndi ma ARV auze dokotala, chifukwa Bactrim ndi methotrexate akakumana amatha kuumitsa mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Zilonda m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa chouma chobanika nacho kapena maso achikasu zikayamba, musamwe mlingo wotsatira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula paketi yake.