Zomwe ndinaona pofunafuna nyumba ya lendi mu Lilongwe

Mwininyumba atandiuza kuti mwana wake akufuna kulowa m'nyumba yomwe ndinkakhala ku Area 25, ndinatha miyezi iwiri ndikuzungulira mzinda wa Lilongwe. M'miyezi imeneyo ndinazindikira kuti mtengo wa nyumba mumzinda muno sutsatira kukula kwa zipinda kapena kukongola kwa malata, koma umatsatira mtundu wa malo amene nyumbayo yamangidwapo, makamaka mapepala a malowo.

Lilongwe anakonzedwa mwadala kuti akhale likulu m'malo mwa Zomba, ndipo boma linasamukira kuno mu 1975. Okonza mapulani anagawa mzindawu m'ma Area, ena a mapuloti akuluakulu, ena a mapuloti ang'onoang'ono, ndipo kugawa kumeneko kudakalamulira mitengo mpaka lero. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kufupi ndi Capital Hill, nyumba zambiri zili m'mipanda ya njerwa ndipo eni ake amayang'ana akazembe ndi mabungwe akunja. Wogwira ntchito m'boma wamba safunsa n'komwe mtengo. Ku Area 18 ndi Area 49 kuli nyumba zambiri zimene zinamangidwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, koma wolowa m'nyumba zoterezi satulukamo msanga.

Chomwe chinandikhudza mtima kwambiri ndi malire a Area 47 ndi Mtandire. Munthu amayenda wapansi mphindi zochepa chabe kuchoka pa nyumba ya geti ndi mlonda n'kufika pa mdadada wa zipinda za zidina, pomwe mabanja angapo amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi mita imodzi ya magetsi, madzi akukatunga pa kiyosiki. Ambiri mwa okhala ku Mtandire ndi omwe amalondera, kuphika ndi kusesa m'nyumba za kutsidyako, monganso anthu a ku Kauma amachitira ku Area 12, ndipo amapirira kuthithikanako chifukwa kuntchito amafika osalipira minibasi kapena kabaza. Ine sindiona chilungamo pamenepa, popeza mbali imodzi siingayende popanda inzake, komabe msewu wabwino ndi mipope zimathera pamalire.

M'mphepete mwa mzinda msika wake ndi wina. Ku Chitedze, ku Njewa, ku Chigwirizano ndi ku Lumbadzi nkhani yaikulu si lendi, koma kugula puloti. Malo ambiri kumeneko anali minda ya makolo, ndipo amagulitsidwa pamaso pa amfumu ndi mboni. Mtengo umatsika chifukwa wogula amasenza yekha chiopsezo chonse: malo amodzi akhoza kugulitsidwa kwa anthu awiri, abale a wogulitsa akhoza kudzawalanda, ndipo banki siipereka ngongole pa kalata ya amfumu yokha. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsera malo a makolo, koma anthu amene ndinacheza nawo anali asanalembetse, ngakhale ena anali atakhoma kale malata.

Ndinatsala pang'ono kulowa nyumba ina yabwino cha ku Chitedze, ya lendi yotsika ndithu. Nditawerengera ndalama za minibasi ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo, za ine ndi za ana opita kusukulu, ndinapeza kuti zomwe ndikanapulumutsa pa lendi zikanathera pamsewu wa Mchinji. Apo n'kuti ajenti wina atandilipiritsa kale ndalama yoonera nyumba imene inapezeka kuti ili ndi anthu.

Potsiriza ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 36, ndinalipira lendi ya miyezi itatu pasadakhale monga amafunira eni nyumba ambiri, ndipo madzi amatuluka usiku kawirikawiri, choncho zigubu timadzaza tisanagone.