Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Usiku wa Apendikisi

Gawo lapitali ndinasiyira pomwe tinasamukira ku Chibavi. Sitinathe ndi miyezi itatu m'nyumba ija, matenda anandipeza.

Unali mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa kuja. Pakati pa usiku m'mimba munayamba kupota, cha pamchombo. Mayi a ana anati, "Bambo a Chikondi, ndi usipa munadya kumsika uja." Ndinameza Panado. Kutacha ululu unatsikira kumunsi, mbali ya kumanja, ndipo ngakhale tiyi ndinamukana. Apo mpomwe mayi anachita mantha, poti ine sindikana chakudya.

Pa kabaza ndimamva dzenje lililonse la mumsewu. Kuchipatala anayamba ndi malungo, monga mwa nthawi zonse, sanawapeze. Adokotala anakanikiza pamene pamapwetekapo, n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi. Ndinakuwa ngati mwana.

Kenaka magazi. Maselo oyera, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho komwe amawerengera, anga anali atapitirira, ndipo ochuluka anali a mtundu wa neutrophil, aja amathamangira pamene palowa tizilombo. Koma china chotchedwa CRP, chomwe chimakwera m'magazi m'thupi mukatupa penapake, chinali chisanakwere kwenikweni. Ine ndinasangalala, nkuyamba kufunafuna nsapato.

"Khalani pansi, bambo," anatero adokotala. Anati CRP imapangidwa ndi chiwindi ndipo ndi yochedwa: imayamba kukwera pakapita maola angapo, n'kufika pachimake pakatha tsiku kapena awiri. Maselo oyera ndiwo amafulumira. Komanso magazi amangonena kuti penapake patupa, satchula malo. Taifodi kaya chibayo nazonso zimakweza CRP. Malo amawapeza ndi dzanja ndi zomwe wodwala akufotokoza. Kunena zoona, tsiku limenelo ndimaona ngati akungofuna kunditsekera m'wodi.

Anandiika dilipi n'kundiletsa kudya chilichonse. Phala lomwe mayi anabweretsa m'fulasiki anamwa ndi gadiyani wa pabedi loyandikana.

Madzulo anatenganso magazi. CRP inali itakwera, thupi likutentha, ndipo kutsokomola kokha kumandilasa kumanja kuja. Anabweretsa pepala la opaleshoni yochotsa apendikisi, kathumbo kakang'ono kakumunsi kwa mimba mbali ya kumanja, kuti ndisaine. Mayi anandivula mphete n'kuimanga pansonga ya chitenje, osalankhula kanthu.

Za kufiyeta, ndi zomwe ndinabwebweta ndikutsitsimuka, tidzakambe Lachisanu.