Kukonza Altezza kuseri kwa nyumba kuti ikwanire misewu ya ku Mangochi

Galimoto imene ndakhala ndikuigwiragwira kuseri kwa nyumba yanga ndi Toyota Altezza RS200, ya magiya 6 osintha ndi dzanja. Toyota inkapanga galimotozi kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo ku Ulaya thupi lomweli ankaligulitsa ndi dzina la Lexus IS. Musanagule yanu, dziwani kuti zilipo za mitundu iwiri zomwe kunja zimaoneka zofanana. AS200 ili ndi injini ya 1G-FE ya masilinda 6, yofatsa, ya horsepower 160. RS200 ili ndi 3S-GE ya masilinda 4, imene Yamaha inathandiza kupanga, ndipo ya magiya a dzanja imafika horsepower 210. Zonse zimakankha ndi matayala akumbuyo, n'chifukwa chake zimakoma pamakona.

Yanga ndinaigula ku Blantyre itatopa kale. Anzanga atangoiona, aliyense anali ndi lake: wina akuti tsitsani igwe pansi, wina akuti ikani turbo, wina akuti dulani ekizozi imveke mpaka ku Mpondasi. Ine ndinkafuna galimoto yoti ndikwere nayo mapiri a ku Namwera mu Novembala dzuwa lili paliwombo, osayang'anayang'ana muvi wa kutentha, n'kutsika mabuleki akugwira monga anagwirira pokwera. Zonse zimene ndinasintha zinachokera pa cholinga chimenecho.

Ndinayamba ndi malo ogwirirapo ntchito, galimoto isanamasulidwe bawuti ngakhale imodzi. Dothi la kuno ndi mchenga, ndipo jeke ikasenza katundu pamchenga imamira kapena kupendekera. Ndinathira simenti pamalo okwana galimoto ndi poyenda munthu mbali zonse, n'kukhoma denga la malata lalitali ndithu kuti mphepo izidutsa. Kenako ndinagula ma stand anayi achitsulo. Apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowe pansi pa galimoto itakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, ndipo Altezza imalemera kupitirira tani imodzi. Chida china chimene sindinanyinyirike kuchigula ndi torque wrench, sipanala yoyezera kulimba kwa bawuti. Manati a matayala a Altezza amamangidwa pa 103 Nm, osati podumphira pa sipanala ndi phazi.

Ntchito yeniyeni inayambira pa zoziziritsa injini, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa. Nditatsegula radiyeta, munatuluka madzi ofiira ngati a m'chithaphwi. Mwini wake wakale ankathira madzi wamba, ndipo madzi a pamjigo kapena a m'nyanja amasiya mchere ndi dzimbiri zomwe zimatseka timipata ta radiyeta pang'onopang'ono. Nditamasula pomwe pamakhala thermostat, ndinapeza palibe kanthu. Amakanika ambiri kwathu kuno amaichotsa, amati ndi ya kumaiko ozizira. Ine ndimatsutsa zimenezi. Thermostat ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha m'mawa, kompyuta ya galimoto imangoonjezera petulo poganiza kuti injini idakali yozizira, ndipo chimene chinkatenthetsa galimotoyo poyamba, kaya ndi radiyeta yotsekeka kapena fani yofooka, chimakhala chilipobe. Ndinaika thermostat yatsopano, radiyeta ya aluminiyamu yokhuthala kuposa yakale, mapaipi onse a rabara ndi chitsekero chatsopano, n'kutsuka injini mkati mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Pothira ndinathira coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini. Mukamaliza, siyani injini ilire chitsekero chili chotsegula ndi hita yoyatsa, mpweya wotsalira utuluke wonse, apo ayi muvi uzikwera ndi kutsika popanda chifukwa chooneka.

Poti kutsogolo kunali kale kotsegula, ndinasinthiratu timing belt, lamba woyendetsa mavavu a injini, pamodzi ndi pampu ya madzi ndi ma tensioner ake. Lambayu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo pa galimoto yogula kwa munthu palibe amene angakulumbirireni kuti anasinthidwa liti. Ntchito iyi sindinaigwire ndekha. Ndinaitana amisiri ena achikulire a m'tauni muno amene akhala akutsegula mainjini a Toyota kuyambira ndili mwana. Tisanachotse lamba wakale anandionetsa zizindikiro za pa ma pulley, nati, "Achimwene, izi zikapanda kukumana, musalize injini. Zungulizani ndi dzanja kawiri kaye, muonenso." Ndinazunguliza, zizindikiro zinabwerera pamalo pake, ndipo ndi pamene tinatseka.

Za turbo ndinazikana, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Injini ya RS200 ya magiya a dzanja ili ndi compression (muyezo wa mmene pisitoni imapanikizira mpweya) ya 11.5:1, yokwera kale, ndipo ku Japan inapangidwira petulo wa octane yapamwamba. Kuithira mpweya wopanikiza pamwamba pa zimenezo, kuno kotentha chonchi, popanda kusintha mapisitoni ndi kompyuta yake, kuli ngati kusenzetsa thumba la chimanga munthu amene akudwala malungo. Chimodzimodzinso sefa ya mpweya ija yooneka ngati chulu imene anyamata amakonda kuika poyera mu boneti. Imalira bwino, inde, koma imakoka mpweya wotentha wa pa injini, ndipo fumbi la m'chilimwe limadutsa mosavuta. Ndinasiya bokosi lake lenileni, ndimangosintha sefa kawirikawiri. Chimene ndinasintha mbali ya mafuta ndi sefa ya petulo ndi mapaipi a rabara okalamba, poti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo rabara wakale sagwirizana naye.

Kenako ndinalowa kumiyendo. Altezza ili ndi double wishbone, mikono iwiri yogwira tayala lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'menemo ndi mmene muli kukoma kwake konse, koma m'malo olumikizira mikonoyo mulinso ma bush ndi ma ball joint ambiri oti athe. Eni galimotozi amadziwa kuti ball joint ya pansi kutsogolo ndi yoopsa ikatha, chifukwa ikadukiratu tayala limagwa cham'mbali galimoto ikuyenda. Ndinasintha zonse ziwiri osadikira kuti zilire. Ma bush ndinaika a rabara, osati olimba aja a mpikisano, chifukwa olimbawo amakutumizirani bampu iliyonse mumsana. Kumbukirani kumanga mabawuti a ma bush galimoto itatsitsidwa, kulemera kwake kuli pa matayala. Mukamangira m'mwamba, rabara amakhala wopotoka ndipo sachedwa kung'ambika.

Ndinagula ma coilover, ma shock okhala ndi sipuling'i yake amene mumatha kukweza kapena kutsitsa. Ambiri amawagulira kutsitsa galimoto. Ine ndinawagulira kuti ndisankhe ndekha msinkhu, ndipo ndinausiya pafupi kwambiri ndi wa ku fakitale. Aliyense amene wayendapo msewu wa M3 kuchokera ku Liwonde kudzera pa Ulongwe, kapena wa ku Monkey Bay kudutsa pa Makawa, akudziwa mahampu a m'malo ochitira malonda ndi m'mphepete mwa tala modyeka. Galimoto yogwa pansi imafika pa hampu n'kuyamba kudutsa chopingasa, kabaza akukuimbirani belu kumbuyo. Poyeza msinkhu ndinkayeza kuchokera pakati pa limu kufika pa mudguard, ngodya zonse zinayi, galimoto ili pa simenti yosalala. Pansi pa injini ndinaikitsa chitsulo chotchinga sampu, chimene anandidulira owotcherera a pamsika, titadikira kuti magetsi ayake.

Pa matayala ndinachita zosiyana ndi zomwe ambiri amayembekezera. Galimotoyi inabwera ndi malimu a mainchesi 17 ndi matayala a 215/45. Ine ndinatsika kupita pa 16 ndi matayala a 205/55. Khoma la tayala la 215/45 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 97, pamene la 205/55 limafika pafupifupi 113, koma kukula kwa tayala lonse kumasiyana pang'ono zedi moti sipidomita siinama. Mamilimita oonjezerawo ndi amene amapulumutsa limu mukagwera m'dzenje. Mabowo a malimu a Altezza ndi 5x114.3, choncho opezeka ndi ambiri, koma yesani limu limodzi kutsogolo kaye muone ngati silikukhudza caliper, chitsulo chopanira mabuleki, musanalipire onse. Zitatha izi ndinapita nayo kokachita alignment pa makina, chifukwa ya chingwe ndi diso siikwanira pa miyendo yamtunduwu.

Mabuleki sanafune zambiri: ma pad abwino, ma disc atsopano kutsogolo, mapaipi okutidwa ndi waya, ndi brake fluid wa DOT 4. Fluid amayamwa chinyezi akamakalamba, ndipo akatero amawira msanga. N'chifukwa chake pedulo imafewa munthu akamatsika phiri lalitali akuponda mabuleki. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, pamene DOT 3 malire ake ndi 205. Potulutsa mpweya tinayambira tayala lakutali ndi master cylinder, mphwanga akupopa pedulo ine ndikutsegula ndi kutseka pansi.

Ekizozi ndinasintha kuchokera pakati kupita kumbuyo, koma catalytic converter ndi sailensa ndinazisiya. Ndimakhala pakati pa anthu, mzikiti uli pafupi, ndipo pali makanda ogona. Injini iyi imayamba kuimba bwino muvi ukakwera pamwamba, sifunika kukuwa ili pa geti. Wailesi yokha ndinachotsa ya ku Japan, poti imagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo.

Zipangizo zina ndinazipeza ku Limbe, zina zinachokera ku Johannesburg, ndipo zochokera kunja muziwerengeratu msonkho wa MRA popanga bajeti. Poitanitsa perekani chassis code, ya RS200 ndi SXE10, ya AS200 ndi GXE10, chifukwa kungonena kuti Altezza kungakubweretsereni katundu wa injini ina. Za mapepala nazo musazinyalanyaze. Mukasintha mtundu wa penti kapena injini, zolembedwa ku Road Traffic ziyenera kusinthidwa kuti zifanane ndi galimoto, ndipo a inshuwalansi auzidwe zomwe mwasintha. Ine penti ndi injini ndinasiya zomwezo, choncho a COF, oyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, anangoyang'ana mabuleki, magetsi, matayala ndi miyendo, n'kudutsa.

Poyesa ndinaoloka mlatho wa Bakili Muluzi masana kukutentha, n'kuyamba kukwera cha ku Namwera. Sindinathamange, msewu uja uli ndi njinga, mbuzi ndi ana a sukulu, ndipo chotsekera liwiro pa 180 km/h chimene galimoto za ku Japan zimabwera nacho sindinachikhudze n'komwe. Ndinkamvetsera galimoto. Muvi wa kutentha unakhala pakati kuyambira pansi mpaka pamwamba, pamakona thupi silinkagwedera ngati kale, ndipo potsika pedulo ya mabuleki inali yolimba mpaka kumapeto. Nditafika kunyumba ndinaikwezanso pa ma stand injini itazizira, n'kuyendera bawuti iliyonse ya kumiyendo ndi torque wrench, kuyang'ana modontha, ndi kuonjezera coolant pang'ono pamene mpweya wotsala unatulukira. Ma coilover atakhazikika, ngodya ya kumbuyo kumanja inatsika pang'ono kuposa zinzake, ndiye ndinaikweza n'kubwereranso ku alignment. Chatsala tsopano ndi clutch, imene yayamba kugwirira pamwamba, ndipo ndikadzatsitsa giyabokosi ndidzasinthiratu oil seal ya kumbuyo kwa injini.