Seva anaisintha Loweruka, Lolemba pandas osapezeka

Sabata yathayi inali ya malipoti a kumapeto kwa mwezi, ndipo Lolemba ndi limene likundiwawabe mumtima. Tili ndi pulogalamu ya Python imene cron, chida choyendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika, imaiyendetsa m'bandakucha: imatenga zimene alangizi athu atumiza kuchokera kumidzi, n'kutulutsa Excel ya ngongole za magulu a alimi. Lolemba m'mawa Excel kunalibe. Mu log, fayilo imene pulogalamu imalembamo zimene zachitika, munali mzere umodzi: ModuleNotFoundError, No module named 'pandas', kutanthauza kuti Python sanapeze pandas, laibulale (code yolembedwa kale) imene pulogalamu yathu imadalira.

Bwana atangomva, anabwera patebulo panga akuti, "Achimwene, mwasinthanso chiyani mu code yanuyi?" Palibe chimene ndinasintha. Nditatsegula foda ya venv, mmene timasungira malaibulale a pulogalamuyi paokha, pandas anali momwemo, numpy momwemo, openpyxl momwemo, zonse mu lib/python3.8/site-packages. Koma nditafunsa Python wa mu venv yomweyo kuti ndi wa mtundu wanji, anayankha kuti 3.12. Apa m'pamene ndinadziwa kuti seva yagwidwa ndi munthu wina.

Zinapezeka kuti Loweruka akuluakulu anaitana munthu wakunja kudzakweza Ubuntu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa sevayo, kuchoka pa 20.04 kufika pa 24.04. Kukwezako sindikukana, chifukwa 20.04 inasiya kulandira zigamba zaulere za chitetezo mu 2025. Chimene chandikwiyitsa n'chakuti ife amene timayendetsa mapulogalamu pa sevayo sanatiuze, ngakhale ka uthenga ka pa WhatsApp. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti venv sisunga Python wakewake. bin/python3 imangoloza ku /usr/bin/python3, ndiye Ubuntu ikasintha, venv imadzuka ndi Python watsopano amene amafufuza mu lib/python3.12. Malaibulale ali chikhalire mu foda ya 3.8, iye sayang'anako n'komwe. Ngakhale pip wa mu venv, chida choikira malaibulale, anafa chifukwa chomwecho.

Ndisanafike, mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ife anali atayesa kale sudo pip install pandas, n'kukanidwa ndi uthenga wa externally-managed-environment. Wina wa ku akaunti, pofuna lipoti lake msanga, anamutumizira zimene anapeza pa intaneti zoti awonjezere --break-system-packages kuti akakamize pip. Mwanayo anachita bwino kudikira. Ubuntu imakana dala, chifukwa zida zake zina zimadalira Python yemweyo, ndipo mukathiramo za pip mukhoza kuwononga zimene apt, chida cha Ubuntu choikira mapulogalamu, inaika.

Kumanga venv yatsopano n'kosavuta. Vuto linali lakuti requirements.txt, fayilo ya mndandanda wa malaibulale ofunika imene tinaipeza kwa amene analemba pulogalamuyi poyamba, ili ndi mayina okhaokha, popanda manambala a mtundu. pip anakoka zatsopano zonse, kuphatikizapo NumPy 2, amene anatuluka mu June 2024. Titayendetsa, import inagwanso, ulendo uno pa distutils, imene inachotsedwa mu Python 3.12. Kafayilo kathu kena kakale kanali kuitanabe LooseVersion, chida choyerekezera manambala a mtundu, kuchokera mmenemo. Kuika laibulale ya setuptools kukanatseka dzenjelo, popeza imabwera ndi distutils yake ndipo venv ya 3.12 siyiikanso yokha, koma ndinasankha kukonza mzerewo kuti ugwiritse ntchito laibulale ina yotchedwa packaging. Kenako kalaibulale kena kamene kanamangidwa pa NumPy 1 kanakana kulowa, ndipo ndinabweza numpy pansi pa 2 mpaka titapeza nthawi yokasintha bwinobwino. Manambala olondola ndinawawerenga pa mayina a mafoda a dist-info mu venv yakufa ija, ngakhale ena akale kwambiri sakanatheka pa 3.12.

Zonsezi ndinkachita intaneti ya ofesi ikuduka-duka, mpaka ndinalumikiza foni yanga n'kumaliza bandulo yanga. Magetsi atazima masana, UPS ya seva, chida chosunga magetsi chija, imene takhala tikupempha batire yatsopano inangolira pang'ono n'kuzima, pip ali pakati pokoka. Lipoti linatuluka dzuwa litalowa. Wa ku akaunti anangoti mwachedwa nalo.

Masiku enawo anali a nthawi zonse. Lachiwiri ndinakhoma manambala onse mu requirements.txt. Lachitatu mnyamata wina anali ndi fayilo yake imene anaitcha requests.py, Python n'kumatenga iyoyo m'malo mwa laibulale yeniyeni, tinangoisintha dzina. Lachinayi mtsikana uja anapeza yekha kuti VS Code yake, pulogalamu yolemberamo code, ikuyendetsa Python wina osati amene pip akuikamo zinthu, atayang'ana sys.executable, imene imasonyeza Python amene akuyenda, popanda kundifunsa, ndipo zinandisangalatsa kwambiri. Tsopano amalemba python -m pip nthawi zonse, kuti pip aziika zinthu mu Python yemwe iye akugwiritsa ntchito.

Lachisanu pamsonkhano ndinapemphanso zimene ndakhala ndikupempha: kompyuta imodzi, ngakhale yakale ya m'sitoro, yoti tiziyeserapo zosintha zisanafike pa seva yeniyeni, komanso kuti aliyense wokhudza sevayo azitidziwitsa isanakwane nthawi. Za kompyuta anati bajeti ya chaka chino inatsekedwa. Za kutidziwitsa anati alankhula ndi munthu wakunja uja, amene abwerenso mwezi wamawa kudzakweza seva ya database.